Njinga Yopanda Pokokera

Pa tchuthi chapitachi tinali kwathu ku Wimbe, ndipo tsiku lina masana tinakhala kanthawi pamthunzi pamene amakonzerapo njinga. Panali njinga ziwiri zogadamitsa, mawilo ali m'mwamba, ndipo zonse zinabwera ndi nthenda imodzi: tcheni chinkangogwa. Yoyamba inali yakuda ija ya makolo athu, ya giya imodzi, kaliyala wake wowotcherera wonga bedi. Wokonza anamasula manati awiri a wilo la kumbuyo, nakokera wilolo m'mbuyo pang'ono, namanganso. Mphindi zisanu zisanakwane mwini wake anali atakweza thumba lake la chimanga n'kumapita. Yachiwiri inali ya magiya, yowala bwino, mwa zija zimabwera kuchokera kunja zitagwirapo kale ntchito. Mwini wake, mnyamata wa kabaza, anali atachotsa kamkono kosinthira magiya chifukwa kanathyoka, ndipo tcheni anali atachidula kuti chikhale pa giya imodzi. Wokonza anaiyang'ana, napukusa mutu, namuuza kuti njinga yakeyo ilibe pokokera. Mnyamatayo anabwerera akukankha, tsiku la msika, anthu ofuna kukwera ali mbwee.

Kodi pokokera pamenepa ndi pati? Mukagadamitsa njinga n'kuyang'ana pamene wilo la kumbuyo limakumana ndi felemu, muona tizitsulo tiwiri taphwatalala, kena kumanja kena kumanzere. Kalikonse kali ndi mpata momwe mumalowa ekiselo, ndipo manati amamanga pamenepo. Pa Chingerezi amati dropout, popeza wilo limatulukira pomwepo. Ife m'nkhani ino tingoti mpata.

Mipata ilipo ya mitundu iwiri ikuluikulu. Wina ndi wogona. Umayenda motsata nthaka, utali wake masentimita 2 kapena kuposerapo, moti ekiselo ingathe kukhala koyambirira, pakati kapena kumapeto kwake. Pa njinga zakuda mpata umenewu umatsegukira kumbuyo, pamene pa njinga zakale za mpikisano umatsegukira kutsogolo motsetsereka pang'ono. Wina ndi woima. Ndi waufupi, umatsegukira pansi, ndipo ekiselo ili ndi malo amodzi okha, pamwamba penipeni pa mpatawo. Ikafika pamenepo yafika. Singapite kutsogolo, singapite kumbuyo. Njinga yakuda ija inali ya mipata yogona. Ya mnyamata wa kabaza inali ya mipata yoima. Za foloko ya kutsogolo tisavutike nazo, chifukwa kumeneko kulibe tcheni choti chikokedwe.

Kuti timvetse chifukwa chake kampata kochepa chonchi kangalande munthu ndalama za tsiku lonse, tiyambire pa tcheni. Tcheni cha njinga, kaya ndi Phoenix, Hero, Humber kapena ya mpikisano wa ku France, chili ndi muyeso umodzi: kuchokera pa pini ina kufika pa inzake pali theka la inchi, kapena kuti mamilimita 12.7. Koma malinki ake ndi a mitundu iwiri, lopapatiza ndi lotakasuka, ndipo amasinthana, lopapatiza kulowa m'kati mwa lotakasuka. Choncho simungachotse linki limodzi lokha, chifukwa nsonga ziwiri zotsalazo sizingalumikizane. Mukafuna kufupikitsa tcheni mumachotsa awiri, ndiwo mamilimita 25.4. Ndipo popeza tcheni chimapita kumbuyo n'kubwereranso, kufupikitsa kotero kumafuna kuti ekiselo isendere kutsogolo ndi theka lake, mamilimita 12.7. Tcheni tsono chimayenda ngati munthu wokwera makwerero: angaime pa mtanda uwu kapena winawo, koma pakati palibe popondapo. Nthawi zambiri utali woyenera umagwera pakatipo. Mukachotsa malinki awiri tcheni chimakana kufika; mukawasiya chimalendewera. Mpata wogona ndiwo umatseka pakatipo, chifukwa umalola kuti wilo likakumane ndi tcheni pamene tchenicho chathera.

Komanso tcheni sichikhala pa utali umene chinagulidwira. Timakonda kunena kuti chatanuka, koma kunena zoona chitsulo chimenechi sichitanuka ngati mphira. Chimene chimachitika n'chakuti mapini ndi mabowo ake amadyana, ndipo pa linki lililonse pamabadwa kadanga kosaoneka ndi maso. Kwathu kudyanaku kumafulumira. Dothi la ku Kasungu ndi lamchenga, chilimwe chonse misewu ili fumbi lokhalokha, ndipo ambiri timathira pa tcheni oyilo wakuda wochotsa m'galimoto kapena m'chigayo, amene amagwira mchenga ngati ulimbo. Mchenga umenewo ukalowa m'malinki umapala chitsulo ulendo wonse.

Tiyeni tiwerengere pang'ono. Tcheni cha malinki 112 ndi chotalika mamilimita 1,422. Chikadyeka ndi theka la peresenti, chatalika ndi mamilimita 7 okha, pafupifupi njere imodzi ya chimanga. Wina angaseke kuti njere imodzi ingagwetse bwanji tcheni. Anzathu amene mukukonzekera kukaphunzitsa masamu, nali funso la pa bolodi lomwe silifuna kugula chilichonse. Tinene kuti kuchokera pa giya yaikulu ya pa mapedulo kufika pa filiwilo pali mamilimita 460, ndipo mamilimita 7 owonjezerawo onse asonkhana ku tcheni cha m'munsi, chomwe sichikokedwa popalasa. Mukachikanikiza pakati ndi chala, chimapanga matrayango awiri ofanana. Lililonse tsinde lake ndi 230, mbali yake yaitali ndi 233.5. Lamulo la Pythagoras likupatsani mbali yachitatu: pafupifupi mamilimita 40. Njere imodzi ija yasanduka masentimita 4 otsika, ndi enanso 4 okwera njinga ikagunda bampu. Pamene okonza njinga amafuna kuti tcheni cha giya imodzi chizisewera ndi sentimita imodzi kapena kuposera pang'ono, monga kunenepa kwa chala. Wokonza uja wa pamthunzi sanalembe masamu aliwonse, koma zimene anachita ndi zomwezi mobwerera: anasendeza ekiselo ndi mamilimita atatu kapena anayi, ndipo masentimita 4 aja anatha.

Nanga opanga njinga anasiyiranji chinthu chothandiza chotere n'kuyamba mipata yoima? Sanachite mwaumbuli. Njinga ya magiya ambiri ili ndi kamkono kaja kolendewera pansi pa filiwilo, kokhala ndi timawilo tiwiri. Dzina lake ndi derailleur, liwu lochokera ku Chifalansa. Ambiri timangodziwa ntchito yake imodzi, yosamutsa tcheni kuchoka pa giya ina kupita pa ina. Koma kali ndi ntchito yachiwiri: m'kati mwake muli sipuling'i imene imakoka tcheni nthawi zonse, ndipo utali uliwonse wotsala imaumeza. Pa njinga yotere palibe chifukwa chosendezera wilo. Ndipo wilo likakhala ndi malo amodzi pali phindu lake. Mukalichotsa kuti mumate chubu, limabwerera pomwe linali, lili pakati penipeni, mabuleki akuloza pa limu monga kale. M'zaka za m'ma 1980 kampani ya Shimano ya ku Japan inafalitsa magiya oti chala chikangodina kamodzi tcheni chasamuka giya imodzi, ndipo magiya otere amayenda bwino filiwilo ikakhala pa malo osasintha poyerekeza ndi kamkono. Kuyambira nthawi imeneyo njinga zambiri za magiya, makamaka za m'mapiri zimene zadzaza m'misika yathu, zimabwera ndi mipata yoima.

Mpata woima uli ndi ubwino winanso, ndipo apa mpamene mpata wogona umagonjera. Tcheni sichimangozunguza wilo. Chimalikokeranso kutsogolo, ndipo chimakoka mbali imodzi yokha, ya kumanja. Mphamvu yake ndi yaikulu kuposa mmene timaganizira. Munthu wa makilogalamu 60 akaimirira pa pedulo, kulemera kwake kumagwira pa chitsulo chotalika mamilimita 170. Giya ya kutsogolo ya mano 44, kuchokera pakati kufika pa mano, ndi mamilimita 89. Gawani 170 ndi 89, mupeza pafupifupi 2. Ndiye kuti tcheni chikukoka ekiselo ngati kuti mwaipachika katundu wa makilogalamu 115. Mu mpata woima ekiselo imatsamira khoma la chitsulo, ndipo khomalo silisuntha. Mu mpata wogona kutsogolo kuli njira yotseguka, ndipo chogwira ekiselo ndi kumanga kwa nati basi. Nati ikafooka, mbali ya kumanja imaterereka, wilo limapendekeka, tayala n'kuyamba kukhula felemu cha kumanzere. Aliyense amene anakwezapo matumba awiri a feteleza n'kuimirira pa mapedulo potuluka m'dambo akuidziwa nyimbo imeneyo, komanso mmene njinga imalemerera mwadzidzidzi ngati wina waigwira kumbuyo.

Mkangano wa mipata iwiriyi ndi wotentha kwambiri pakati pa anthu ena amene ambiri a ife timangowaona pa foni. Ndi aja amakwera njinga pamwamba pa miyala, zipupa ndi zipika, nadumpha ndi wilo la kumbuyo lokha kuchoka pa chinthu china kupita pa china. Masewerawa amatchedwa trials. Sapikisana liwiro, wopambana ndi amene wadutsa malo ovutawo osaponda pansi. Anakula ku Catalonia, m'dziko la Spain, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pamene Pere Pi, wa ku kampani ya njinga zamoto ya Montesa, anapangira mwana wake Ot Pi njinga yakapalasa yochitira zimene akuluakulu ankachita ndi njinga zamoto. Ot Pi anadzakhala katswiri wa dziko lonse kangapo. Dziko lambiri linawadziwa masewerawa mu 2009, pamene kanema wa Danny MacAskill wa ku Scotland, wojambulidwa m'misewu ya Edinburgh, anafalikira pa YouTube.

Njinga za mpikisano wa trials n'zachilendo. Zambiri zilibe chishalo, chifukwa palibe amene amakhala pansi. Zili ndi giya imodzi yopepuka kwambiri. Pa za mawilo aang'ono a mainchesi 20, kawirikawiri kutsogolo kumakhala mano 18 ndipo kumbuyo 12. Pa za mainchesi 26 kumbuyo kumakhala 15. Bwerezani masamu aja ndi giya ya mano 18. Kuchokera pakati kufika pa mano ndi mamilimita 36 okha, ndipo 170 kugawa ndi 36 ndi pafupifupi 4.7. Munthu yemwe uja wa makilogalamu 60, kungoimirira pa pedulo, akukoka tcheni ndi mphamvu ya makilogalamu 280. Koma iwo samangoimirira. Amaponda mwadzidzidzi ndi thupi lonse kuti njinga inyamuke. Tcheni chikakhala cholendewera, phazi limayamba layenda kaye pachabe wilo lisanamve, ndipo wokwerayo amalephera kufika pa mwala umene amalinga. Chikagwa kapena kuduka ali m'mwamba, amagwera pa handulo. Kwa iwo tsono kukoka kwa tcheni si nkhani ya phokoso. Ndi nkhani ya mano a m'kamwa.

Amene amakonda mipata yogona amati njinga imakhala yopanda cholendewera. Pa masewera ogundagunda miyala, kamkono kalikonse kokhala pansi pa ekiselo n'koyamba kuphwanyika, ndipo kachitsulo ka felemu komwe kamamangidwapo kamapindika. Kulibe kamkono, kulibe chothyoka, kulemera kwachepanso. Vuto la kuterereka analithetsa ndi kachitsulo kooneka ngati chigoba cha nkhono, kamene amaveka pa ekiselo. M'mphepete mwake mumatsamira kabawuti ka pa felemu, ndipo mukakazunguza, mbali yake yokulirapo imakankhira ekiselo m'mbuyo pang'onopang'ono n'kuitsekera njira yobwerera. Njinga za mainchesi 20 zambiri zinatsata njira imeneyi.

Okonda mipata yoima amayankha kuti wilo losendasenda limasokoneza mabuleki. Pa trials buleki ya kumbuyo iyenera kugwira nganganga nthawi yomweyo, chifukwa munthu waima pa wilo limodzi m'mphepete mwa chipupa. Ambiri amagwiritsa ntchito mabuleki a mafuta a kampani ya Magura ya ku Germany, ofinya limu. Wilo likasendera m'mbuyo ndi mamilimita ochepa, mphira za buleki sizilozanso pakati pa limu, ndipo muyenera kuzikonzanso. Kusendeza wilo kumasinthanso utali wa njinga kumbuyo, ndipo wokwera wozolowera amamva kusiyana poinyamula. Choncho iwo amati wilo likhale malo amodzi, tcheni chikokedwe ndi kamkono kakang'ono ka sipuling'i, ndipo kakathyoka tidzagula kena. Njinga za mainchesi 26, zomwe zinachokera ku njinga za m'mapiri, zinakhala nthawi yaitali ndi mipata yoima, ngakhale pambuyo pake zambiri zinasamukira ku yogona.

Mawu akuti "tidzagula kena" ndiwo akutibwezera ku Wimbe. Mukaisinkhasinkha bwino, mkangano wonsewu ndi wa funso limodzi: ndani azikoka tcheni? Pa mpata wogona wokoka ndinu, ndi sipanala yanu. Pa mpata woima wokoka ndi sipuling'i ya m'kamkono, ndipo kamkonoko n'kogula. Wa ku Barcelona kakamuthyokera amaitanitsa kena pa intaneti. Wa kwathu ayenera kukwera galimoto kupita ku Kasungu pa boma, osadziwa ngati akakapeza kofanana ndi kake, ndipo tsiku limenelo njinga siigwira ntchito.

Tikayang'ana ntchito imene njinga imagwira kwathu, timaona kuti mlimi wa ku Wimbe ndi m'bale wa wosewera trials kuposa wa mpikisano wa liwiro. Onse awiri amayenda pang'onopang'ono, amaponda mwamphamvu, ndipo njinga yawo imagwa ndi kugundidwa kawirikawiri. Nyengo ya fodya njinga imanyamula mitolo ya masamba kuchoka kumunda kupita ku chigafa, imanyamula milimo ndi udzu, kenako imatuta mabelo kukafika pamene galimoto ya ku msika wa Chinkhoma ingawapeze. Imaimikidwa motsamira mtengo, mbuzi n'kuigwetsa. Imadutsa m'tinjira ta zitsa. Ikagwera kumanja, choyamba kufika pansi pa njinga ya magiya ndi kamkono kaja. N'chifukwa chake sitidabwa kuti bungwe la World Bicycle Relief, lomwe linayamba mu 2005, popanga njinga ya Buffalo yoti igwire ntchito m'midzi ya ku Africa, linabwerera ku nzeru ya njinga yakuda: felemu yachitsulo, giya imodzi, kaliyala wonyamula makilogalamu 100, ndi wilo loti n'kusendezeka.

Ngakhale mwana wa kwathu wodziwika dziko lonse analimbanapo ndi tcheni. William Kamkwamba, wa m'mudzi wa Masitala, pomanga makina ake a mphepo mu 2002, anagwiritsa ntchito felemu ya njinga ya bambo ake. Zikupizo zinkazunguza giya yaikulu, tcheni n'kuzunguza wilo, wilo n'kuzunguza dayinamo. M'buku lake la mu 2009, The Boy Who Harnessed the Wind, amafotokoza kuti tcheni chinkamuvutitsa mphepo ikakula, mpaka anachichotsa n'kuikapo lamba. Mphepo siipalasa mwaulemu ngati munthu; imabwera mwadzidzidzi, monga phazi la wosewera trials, ndipo tcheni chilichonse chosewera chimaonekera pamenepo.

Koma tisautame mpata wogona ngati wopanda chilema. Njinga zakuda zimabwera ndi tizitsulo tiwiri tothandiza, timene okonza amati maajasitala: kamphete kovala pa ekiselo, kokhala ndi kamchira ka mazinga ndi kanati kumapeto kwa mpata. Ntchito yake ndi yomwe ija ya chigoba cha nkhono, kukoka ekiselo mwa pang'onopang'ono ndi kuiletsa kuterereka. Chodandaulitsa n'chakuti tizitsulo timeneti ndito timayamba kutayika. Munthu wachotsa wilo, kagwera m'mchenga, ndipo amati palibe kanthu, nati igwira. Kenako amayamba kumanga nati ndi mphamvu zonse, nthawi zina kuponda sipanala ndi phazi, mpaka mazinga a ekiselo amatha. Ajasitala wa kumanja, ngakhale atakhala yekha, amagwira ntchito yaikulu, chifukwa tcheni chimakoka mbali imeneyo.

Chilema china ndi chathu eni: kukoketsa. Ena amaganiza kuti tcheni chabwino ndi cholimba ngati nsambo ya gitala. Giya ya kutsogolo siikhala yozungulira ndendende, ndipo pa njinga yogundidwagundidwa imakhala itapindikako. Ndiye tcheni chimathina pena, n'kumasuka pena. Zunguzani mapedulo pang'onopang'ono, pezani pamene chathina kwambiri, ndipo sentimita imodzi ija muyezere pamenepo. Mukayezera pomasuka, pothina paja padzadya timipira ta m'habu ndi filiwilo, ndipo mudzakhala mukupalasa ngati mukukwera chitunda chosaoneka. Mukamaliza yang'anani kuti tayala lili pakati pa zitsulo ziwiri za felemu, kenako onani mabuleki. Dandaulo la osewera trials lija n'loona ngakhale pa Humber ya agogo: wilo lasenda, mphira za buleki nazo zisendezedwe. Pomaliza, mpata ukatha, ekiselo itafika kumapeto, n'zotheka kuchotsa malinki awiri n'kuyambiranso. Koma tcheni chofika pamenepo chimakhala chitatha, ndipo chikudya mano a magiya onse awiri. Pa tcheni chatsopano, mapini awiri otalikirana ndi malinki 24 amagwera pa mainchesi 12 ndendende. Rula ya m'kalasi ikuuzani: akapitirira ndi gawo limodzi mwa magawo 8 a inchi, ndiko kudyeka kwa peresenti imodzi, gulani china.

Nanga amene ali kale ndi njinga ya mipata yoima, kamkono n'kuthyoka, achite chiyani? Chimene mnyamata wa kabaza uja anachita, kudula tcheni n'kuchiika pa giya imodzi ya pakati, n'chimene ambiri amachita, ndipo chimathandiza kufika nacho kunyumba. Koma sichikhalitsa. Mano a magiya ambiri anapangidwa dala kuti tcheni chiziwasiya mosavuta, aafupi ndiponso osongoka m'mbali. Popanda kamkono kochilondolera, tcheni chimasamuka chokha. Chikatsikira pa giya yaing'ono chimalendewera n'kugwa. Chikakwera pa yaikulu n'choopsa kwambiri, chifukwa utali wake sukwana. Chimathina mpaka kuduka, kapena kupinda ekiselo.

Njira yotchipa ndi kupeza kamkono kena kakale, ngakhale kosatha kusintha magiya, bola sipuling'i yake ili moyo. Kamangeni, kalozetseni pa giya imodzi ndi tisikuluwu take kapena ndi kachidutswa ka waya, ndipo kazingogwira ntchito yachiwiri ija yokoka. Liliponso linki lapadera, lopapatiza mbali ina ndi lotakasuka mbali inayo, lomwe limalola kusintha utali ndi linki limodzi m'malo mwa awiri. Limachepetsa mtunda wa pakati pa makwerero aja kufika pa mamilimita 6. Kusintha giya ndi dzino limodzi kumasendeza malo oyenera ekiselo ndi mamilimita 3, moti nthawi zina munthu wamwayi amapeza magiya awiri ogwirizana ndendende ndi felemu yake. Mwayi umenewo umatha tcheni chikangoyamba kudyeka.

Pali njira ziwiri zimene tikupempha kuti musayese. Yoyamba ndi kupala mpata woima ndi fayilo kuti ukhale wogona. Chitsulo cha pamenepo n'chochepa, anachiyezera kugwira ekiselo pa malo amodzi, ndipo pa felemu ya aluminiyamu chimang'aluka mosachenjeza. Ngati felemu ili yachitsulo, wowotcherera waluso angadule tizitsulo tonse tiwiri n'kuikapo ta njinga yakuda yakufa, bola ayeze kuti tilingane. Aluminiyamu sawotchereka ndi makina a pa msika pathu. Kuti mudziwe felemu yanu, tengani maginito a m'sipika yakale: akamata ndi chitsulo, akagwa ndi aluminiyamu. Yachiwiri ndi kuika wilo la buleki yopalasa chobwerera, ngati la Buffalo, pa njinga imene tcheni chake chikukokedwa ndi kamkono ka sipuling'i. Mukapalasa chobwerera mphamvu imadzera ku tcheni cha m'munsi, komwe kuli kamkonoko. M'malo moti buleki igwire, kamkono kamangotambasuka, mwinanso kuthyoka, ndipo inu muli pa mtsetse ndi mayi wobereka mwana pa kaliyala. Buleki yotere imafuna tcheni chokokedwa ndi wilo lenilenilo.

Ambiri a ife posachedwapa tikupita kukaphunzira ntchito m'sukulu za kumidzi, ndipo ena makolo atilonjeza njinga. Maganizo athu ndi akuti ku chigwa chonga cha Kasungu, kumene msewu umatha kuyenda makilomita ambiri osakumana ndi chitunda chenicheni, magiya 18 kapena 21 ndi ulemu chabe, ndipo njinga ya mipata yogona yokhala ndi maajasitala ake idzakusungani bwino. Tikudziwa kuti anzathu a ku Thyolo, ku Dedza ndi ku Neno atitsutsa, ndipo ali ndi mfundo: kumene kuli zitunda magiya amapulumutsa mawondo, ndipo mpata woima wokhala ndi kamkono kamoyo ndi chinthu chabwino kwambiri. Iwowa pogula ayang'anitsitse kamkonoko ndi kachitsulo komwe kamangidwapo, afunsenso ngati pa msika wa kufupi ndi sukulu yawo amagulitsa totere. Tonsefe, tisanayambe kusirira utoto ndi kuliza belu, tiyambe tawerama n'kuona kumene mpata walozera.

Mnyamata wa kabaza uja tinamuonanso patapita masiku atatu. Wokonza anali atamupezera kamkono kadzimbiri pa mulu wa zitsulo zakale, nakamanga kuti kazingokoka. Koma kamkono kamafuna tcheni chachitali choti chidutse pa timawilo take tiwiri, ndipo malinki amene iye anadula tsiku lija anali atawataya m'njira. Anachita kugula chidutswa cha tcheni china n'kulumikiza.